Manda Oyamba a Pamsewu

Anthu akatsika minibasi pano n'kuona magolosale, chigayo ndi mzikiti, amayesa zinangomera ngati bowa. Ine zimandipsetsa mtima. Pamene tinkafika kuchokera kumpoto, ine ndili kamtsikana, panali tchire laminga ndi msewu wafumbi wopita kuboma, basi. Bambo anga ndiwo anazula zitsa n'kumanga chisakasa, mayi n'kuyamba kugulitsa tiyi ndi chinangwa chophika kwa madalaivala a malole. Kenaka kunabwera telala, wosoka maukonde ndi mayi wina wa usipa wouma.

Koma panalibe woumba njerwa. Tonse tinali obwera, ndipo a m'midzi ya kunyanja ankatinena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sankanama. Wina mwa ife akamwalira, maliro ankakwera lole kupita kwawo, ndipo malo opanda manda palibe amawatcha mudzi.

Bambo atamwalira, achimwene awo aakulu anafika ndi lole kudzawatenga. Mayi anawalandira bwino, anagwada, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alamu, zikomo mwabwera. Koma anzanuwa sakwera."

"Mukufuna kumutaya m'tchire ngati wopanda abale?"

"Tchire lake liti, alamu? Analigwetsa ndi iwowa."

Akuluwo anayankha kuti tikawaika kuno, kwathu kumpoto tisadzapondekonso. Mudzi wa mayi ndi wa bambo inali yoyandikana, choncho mawuwo ankatseka makomo onse awiri. Ine ndinachita mantha, ndipo ndinawakwiyira mayi. Iwo anangomanga chitenje n'kutsetserekera kwa eni nthaka kukapempha malo. Anabwerako ndi adzukulu okumba manda, makasu ali paphewa, anthu omwe aja ankatiseka. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Mvula itatha, mayi anayamba kuponda dothi la njerwa kuseri kwa chisakasa, ife ana tikutunga madzi mpaka makosi kuuma. Telala anabwereka chikombole chathu, wa maukonde naye anatsatira. Mwana wa mayi wa usipa atamwalira, sipanamvekenso zofuna lole. Anakagona pafupi ndi bambo.

Kumpoto anasunga mawu awo. Agogo obereka mayi atatsikira kuli chete, uthenga unatipeza maliro ataikidwa kale. Mayi analira tsikulo mpaka mawu kutha, ndipo ndinawafunsa ngati tsopano akudandaula. Anapukuta maso nati, "Zikundiwawa, mwana wanga. Koma ndikadzafa, lole isadzabwere." M'mawa mwake anasonkha moto n'kutereka tiyi.