Wotchi Imene Inatimasulitsa Dzuwa Lili Pamwamba

Pamkono pangapa pali wotchi imene anthu amaiyang'ana kawiri. Ndi yolemera, yachitsulo chosachita dzimbiri, yopangidwa ku Ulaya, ndipo siidya batire. Imayendera kugwedezeka kwa mkono wa amene waivala. Ukaiika kukhutu umamva kanthu kothamanga ngati mtima wa mbalame yogwidwa m'manja. Wotchi imeneyi inandichotsera ulemu kwathu ku Chowe, koma mlandu sindiuika pa iyo ayi. Ndimauika pa achimwene anga, a bere limodzi ndi ine.

Achimwene ankaperekera zakudya pa hotela ina ku Nkopola. Mzungu wina amene ankabwera chaka ndi chaka kudzapsa ndi dzuwa anawasiyira wotchiyi atakalamba, ataona kuti sadzabweranso. Anawapatsa ndi kabokosi kake komwe, ndi pepala la zidindo. Pepalalo achimwene ankationetsera patali. Ankati likunena kuti wotchiyi anaiyesa masiku ambiri, pa kutentha ndi pa kuzizira, chogona ndi choimirira, ndipo sinaphonye olo kamodzi. Ine ndinafika fomu folo, Chingerezi ndimachiwerenga, koma pepalalo sanandigwiritsepo. Ankati manja anga ndi athukuta.

Zaka zimenezo mwezi wa Ramadani unkagwera m'dzinja. Kusala m'dzinja kuli ndi vuto lake. Dzuwa limabisala m'mitambo, osadziwika ngati lalowa, pamene lamulo likuti munthu asalawe kanthu lisanalowe. A Shehe athu ankalandira pepala la nthawi kuchokera ku mzikiti wa m'tauni, ndiye pankafunika munthu wa wotchi yodalirika woti aziima pakhomo pa mzikiti n'kumauza woitana azana, uja woitanira anthu ku mapemphero, kuti nthawi yomasula yakwana. Zaka ziwiri zotsatana ntchitoyi inali ya achimwene. Ankatenga tchuthi n'kubwera kumudzi, ndipo mudzi wonse unkadikira mkono wawo, phala lili m'manja.

Chaka chachitatu anawakweza kukhala mkulu wa operekera zakudya, tchuthi chinavuta. Anabwera kumudzi nthawi yobzala, kutatsala miyezi itatu kuti Ramadani iyambe, nandimanga wotchiyo pamkono a Shehe akuona. Anandiuza kuti ndisamaivule kuopa ingaime, ndiponso kuti kachitsulo ka m'mbali kosunthira mivi ndisadzakakhudze mpaka kalekale.

"Iyi sasintha, iwe," anatero. "Anthu ndiwo amasintha zawo poyang'ana iyi."

Ndinakhulupirira. Ndani akanakana? Ndinkalima nayo, ndinkagona nayo, posamba ndinkakweza mkono m'mwamba ngati wolumbira m'khoti. Malaya a manja aatali ndinasiya kuvala.

Kutatsala sabata imodzi kuti mwezi uoneke, ndinali pa golosale ya pamsewu. Wailesi inalengeza kuti nthawi yakwana wani koloko. Yanga inali itadutsa kale ndi mphindi zisanu ndi zinayi. Pakhondepo panali bambo wina wa kumudzi kwathu, wogulitsa usipa wouma, amene ankapalasa njinga mpaka ku Chiponde. Iye anali ndi kawotchi ka pulasitiki ka batire kamene anasinthanitsa ndi nsomba kumalire. Anasuzumira pamkono panga, nanena mwaulemu ndithu kuti kake kakugwirizana ndi wailesi, mwina yanga yathamangako. Mutu wanga sutenga nthawi kutentha. Ndinamufunsa ngati akufuna kuyerekeza kachoseweretsa ka ana ndi wotchi ya zidindo. Anati iye sakuyerekeza, wangomva wailesi basi.

"Ndiye kuti wailesiyo ikunama," ndinatero, mokweza.

Masiku amenewo wailesi inali imodzi, ndipo sinkanama. Wapampando wa chipani, amene ankamwa tiyi pakona, anaika kapu pansi nandifunsa ngati khadi la chipani ndili nalo. Ndinalitulutsa, analitembenuza kawiri, nandibwezera. Nkhani inathera pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo palibe anayerekezanso kutchula wotchi yanga ndi wailesi pamodzi, chifukwa aliyense ankaopa kudzakhala mboni. Ndi pakamwa pangapa ndinatseka pakamwa anthu amene akanandithandiza.

Mwezi utaoneka, achimwene anatumiza munthu wa njinga ndi shuga, zipatso za tende ndi moni wambiri. Za wotchi sanatumize liwu.

Tsiku loyamba la swaumu, kusala kuja, kunayamba mvumbi, ndipo sunakate. Dzuwa osalionako. Madzulo aliwonse ndinkaima pakhomo pa mzikiti, pepala la nthawi dzanja ili, wotchi mkono uwu, muvi ukafika ndinkagwedeza mutu, azana n'kumveka, mudzi wonse n'kumasula. Amayi ena achikulire anadandaula kuti chaka chino tikumasula kukuwalabe, nkhuku zisanalowe m'khola. Ndinawayankha kuti ngati akufuna kutsatira nkhuku akazipange nkhukuzo ashehe awo. Mawu amenewo ndimawakumbukirabe, ndipo sandikomera.

Tsiku lachisanu ndi chitatu mvula inaleka masana, koma mitambo inali yakuda bii chakumadzulo. Muvi unafika, ndinagwedeza mutu, azana inamveka. Ndinaluma tende yanga, ena anali atayamba kale phala. Kenaka mitambo inang'ambika chapansi, ndipo dzuwa linatuluka lathunthu, lozungulira, litakhala pamwamba pa mapiri a kutsidya. Kuwala kwake kunalowa pakhomo pa mzikiti mpaka pamikeka. Mkulu wina analavulira phala m'dzanja lake n'kumangoliyang'ana. Tinaima chomwecho kuonerera dzuwalo likutsika pang'onopang'ono, ine maso ali pa wotchi, mpaka linalowa. Zinatenga mphindi pafupifupi khumi.

A Shehe sanakalipe. Anati masiku onse asanu ndi atatu ndi okayikitsa, choncho aliyense adzawabweze Idi, chikondwerero chotsekera mweziwo, ikadutsa. Taganizani anthu olima, amayi otunga madzi kutali, okalamba amene anapirira ludzu tsiku lonse, onsewo kuuzidwa kuti ayambirenso chifukwa cha mkono wanga.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga, ndili pa swaumu, n'kutsika phiri, kuwoloka mlatho, mpaka ku Nkopola. Achimwene ndinawapeza kuseri kwa khitchini atavala yunifolomu yoyera. Nditawafotokozera, sanadabwe. Apa ndi pamene mtima wanga unayamba kuwira. Anandikokera pansi pa mtengo nandiuza motsitsa mawu kuti mzungu uja anawachenjeza tsiku lomwe ankawapatsa. Wotchi zoyendera sipuling'i, ngakhale zodula bwanji, zimathamanga kapena kutsalira masekondi angapo tsiku lililonse. Pepala la zidindo lija silinena kuti siiphonya, limangonena kuti imaphonya pang'ono, ndipo limatchula malire ake. Iwo Lachisanu lililonse ankadzitsekera m'chipinda, n'kutsegula wailesi pansipansi, n'kubweza muvi. Zaka zonse zija. Masekondi amene iwo ankachotsa mobisa sabata ndi sabata, pamkono panga anaunjikana miyezi itatu.

Ndinawafunsa chifukwa chimene anandiletsera kukhudza kachitsulo kaja. Anati ankaganiza kuti apeza mpata wobwera mwezi usanaoneke n'kuikonza okha, koma alendo anachuluka. Nanga bwanji osatumiza mawu ndi munthu wa shuga uja?

"Pakamwa pakopo ndimapadziwa," anatero. "Ndikanakuuza, dzuwa lisanalowe Chowe yense akanadziwa kuti wotchi yanga ndi wotchi wamba."

Ndinawagwira kolala ya yunifolomu, ndinawasiya nditakumbuka kuti ndili pa swaumu. Ndinawauza kuti abwere adzanene zomwezi pamaso pa a Shehe. Anavomera. Anati Lachisanu abwera.

Anabweradi. Itatha swala ya Ijumaa, pemphero la Lachisanu, akuluakulu anatsalira pamkeka, ine nditakhala kumapeto ngati wakuba mbuzi, koma mtima uli m'malo poti mkulu wanga wafika. Achimwene anapempha wotchi, ndinavula n'kuwapatsa. Anaiika kukhutu, anaitembenuza, napukusa mutu mwachisoni. Kenaka anauza a Shehe kuti zaka ziwiri ili pamkono pawo sinaphonyepo, ndipo onse ali pano ndi mboni. Anati chinthu chosakhwima ngati ichi sichifuna munthu wa phuma, mwina mng'ono wawoyu anaigwetsa kapena anamenya nayo tebulo atapsa mtima, paja mukumudziwa. Anapepesa m'malo mwanga. Akuluakulu anagwedeza mitu, chifukwa kundidziwa ankandidziwadi.

Ndinaimirira n'kunena zonse: za Lachisanu, za chipinda chotseka, za pepala. Ndinanena mokuwa, malovu akuthovoka, ndipo kukuwako ndi kumene kunawathandiza achimwene. Ndinati atulutse pepala la zidindo ndiliwerenge pano. Anati linanyowa n'kung'ambika. Ndinati wotchiyo aisunge a Shehe sabata ziwiri osaikhudza, tione ngati siithamanga. A Shehe anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti anazindikira amene akunena zoona. Koma anati mwezi uno si wochititsana manyazi pachibale, ndipo mng'ono sayesa mkulu wake pagulu. Anatembenukira kwa bambo wa usipa uja namufunsa ngati kawotchi kake kali ndi batire. Kuyambira madzulo amenewo, iye ndiye ankaima pakhomo pa mzikiti.

Achimwene ponyamuka anandisiyira wotchi pamkeka. Anati poti ndaiwononga ndine, ndikhale nayo. Ndinamvetsa bwino. Akanaitenga, tsiku lina wina akanawagwira akubweza muvi.

Idi itadutsa tinabweza masiku asanu ndi atatu aja. Ndikamadutsa m'minda anthu ankandipatsa moni ndi milomo youma, ena osandipatsa n'komwe. Amayi a nkhuku aja ankati akandiona amafunsana mokweza ngati nkhuku zalowa. Zinanditengera zaka kuti ndikhalenso pamzere wakutsogolo mu mzikiti, ndipo pepala la nthawi silinabwererenso m'manja mwanga. Mpaka lero kwathu munthu akafulumira kudya amati wayendera wotchi ya uje, kutchula ine. Satchula achimwene.

Iwo anapuma ntchito, ali kumudzi komweko, ndi munthu wolemekezeka. Timakumana pamaliro ndi pazikwati, timapatsana moni wa dzanja. Maso awo amatsikira pamkono panga kenaka n'kuthawira kumbali. Sanapepesepo, ndipo ine ndinaleka kudikira.

Wotchiyo sindinaitaye. Ndinapita nayo kwa wokonza mawotchi m'tauni, anaitsegula, nati ilibe vuto lililonse, sinagwepo, ikuyenda monga anaipangira. Ndinamuuza kuti alembe zimenezo papepala, anandiseka. Lachisanu lililonse ndimakhala pakhonde, poyera, wailesi ili pamwamba, n'kukoka kachitsulo kaja kubweza muvi aliyense wodutsa akuona. Munthu akandifunsa nthawi ndimamuuza, kenaka ndimawonjeza kuti imathamanga pang'ono, ngati ndi za swaumu akafunsenso kwa wina.