Gulugufe Amene Ababa Sanamupeze

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ng'ala inayamba kuphimba maso a Ababa, ndipo ntchito yowaonera agulugufe inagwera ine. Kale Ababa ankasamalira maluwa pa hotela ina ku Makokola. Kumeneko mlendo wina anawasiyira kaukonde ka mpini wautali ndi buku la zithunzi, basi nthenda ya agulugufe n'kuwalowa mpaka m'mafupa. Atabwerera kwathu ku Malindi, anzawo akamapita kokoka makoka, iwo ankalowera kuphiri. Amayi analankhula mpaka malovu kuuma, kenako anangowasiya.

M'nyumba mwathu munali mabokosi a galasi odzaza agulugufe obayidwa ndi timapini. Koma panali mmodzi amene anawazemba zaka zonsezo. Ameneyu amatengera maonekedwe a njenjete ina youluka masana, yakuda, ya madontho achikasu ndi mapiko akumbuyo ofiira. Njenjeteyo mbalame siziidya poti ndi yowawa, ndiye gulugufeyo amapulumukira pomwepo. Kuti uwasiyanitse umayang'ana tinyanga. Ta gulugufe timathera ndi kamutu ngati ka machesi, ta njenjete ayi.

Loweruka lililonse tinkakwera phiri titanyamula nthochi zovunda m'jumbo zoti tiwakopere. Miyendo yanga inali zipsera zokhazokha, chitedze chikundiyabwa, anzanga ali kumunsi akusewera fulaye. Ndikagwira kanthu ka mtunduwo, Ababa ankafunsa kuti, "Tinyangato bwanji, Esinati?" Ndikati palibe kamutu, iwo ankangoti, "Kasiye kazipita, tiye kutsogolo." Ndisaname, ndinatopa nazo. Ndinafika podana ndi gulugufe amene ndinali ndisanamuonepo n'komwe.

Tsiku lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, ndinagwira njenjete yaikulu bwino. Atandifunsa, pakamwa panga panayankha pokha: "Kamutu kalipo, Ababa." Anakhala pamwala. Anandiuza kuti ndiitsine pachifuwa mosamala, ndisakhudze mapiko kuopa kuchotsa fumbi lake. Tsikulo tinatsika msanga, ndipo Loweruka lotsatira ndinasewera fulaye mpaka kukhuta.

Bokosi limene tinaiikamo ankalionetsa kwa aliyense, ngakhale wongobwera kudzapala moto. Potuluka m'tchalitchi nkhani inali yomweyo. Kenako anatumiza uthenga kwa mphunzitsi wina wa ku Zomba wodziwa za tizilombo. Munthuyo anabweradi, anthu n'kudzaza pakhonde pathu. Anatulutsa kagalasi kokuza zinthu, nayang'ana kanthawi kochepa chabe.

"Pepani bambo, iyi ndi njenjete. Onani tinyanga take, n'tosongoka."

Wina anaseka kumbuyo. Ine ndinali nditaima pakhomo ndi beseni la madzi oti mlendoyo asambe m'manja, ndikudikira kuti dzina langa litchulidwe. Ababa anatembenukira kumene ndinali, kaya ankandiona kaya ayi.

"Zikomo aphunzitsi," anatero. "Ndi maso angawa, atha ntchito."

Sanandikalipire, sanandifunse ngakhale kamodzi. Bola akanandikwapula, mwina zikanandichoka. Kaukonde kaja anakasomeka kudenga, ndipo zopita kuphiri sanazitchulenso mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda.

Lero ndili ndi ana akuluakulu, ndipo kutopa ndikukudziwa bwino kuposa nthawi ija. Kutopa sikunali kulakwa ayi. Ndikanangonena kuti, "Ababa, ndatopa," akanadandaula tsiku limodzi, mawa lake n'kupeza wina wowaperekeza. Koma ndinaona ngati bodza n'lopepuka kusiyana ndi mawu awiriwo. Munthu wosaona amayendera mawu a mnzake, ndipo mwana wawo weniweni atawanamiza, akanakhulupiriranso a ndani? Zimandipwetekabe. Ng'ala inawalanda maso awo awiri, koma otsalawo ndinawalanda ndine.