Dzanja la Atate Anga pa Khoma la ku Nyimba

Anzanga, Conrad ndinamudziwa ali kankhope kakang'ono pakona pa laptop.

Kampani yathu imajambula ma font, zilembo zimene mumawelenga pa foni ndi m'mabuku. Tilipo asanu ndi atatu, ofesi tilibe. Ine ndimagwilila ntchito kwa amai ku Petauke, iye ku Kitwe. Timaonana maso ndi maso kamodzi pa chaka, pa retreat, msonkhano wa tonse wa masiku angapo.

Meeting yanga yoyamba itatha, message inalowa.

"Rachael, S yako ija ili na chiuno chabwino. Unaphunzila kuti?"

Ndinaseka ndekha ngati chitsilu. Basi, ndinagwa m'chikondi!

Miyezi khumi, voice note m'mawa, call masana. Munthu sindinamugwilepo ngakhale chala, koma ndinamuuza chinsinsi chimene ngakhale amai sankachidziwa.

Malemu atate anga, a Lazaro, anabwela kuchokela ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo. Ankalemba zikwangwani za mashopu kuyambila ku Petauke mpaka ku Nyimba, koma dzina lawo sanalilembepo pa khoma la munthu. Nkhondo inawadula zala ziwili, ndiye R yawo inkakoka mwendo ngati munthu wotsimphina. Zaka zitatu ndinali kujambula font kuchokela m'kabuku ka zilembo kamene anasiya, kuti tsiku lina ituluke ndi dzina loti Lazaro.

"Nitumile ma file, nikuthandize spacing," anatelo Conrad.

Spacing ndi kukonza mipata pakati pa zilembo, ndipo pa kampani yonse palibe ankamuposa. Ndinatumiza zonse.

"Ni ndani wina wamene waiona?"

"Palibe. Ndiwe chabe."

"Good. Ikalibe kupsa, usaipeleke chaka chino."

Mtima unati thi... koma ndinauuza kuti ukhale chete.

Retreat ya chaka chatha inali mu Okutobala, pa kaloji kena ku Nyimba. Kunkatentha koopsa, mapili osaoneka ndi utsi wa moto wa m'tchile. Conrad atatsika basi ndinathamanga, iye n'kundipatsa moni wa dzanja ngati abusa pa khomo la chalichi.

"Osati pamaso pa a boss, iwe."

Ndikayandikila, laptop ankaitseka. Masana anabweleka foni yanga kuti aone zithunzi. Atabweza, ma chat athu onse a miyezi khumi munalibe.

"Conrad, wachita chani?"

"Nikuteteza ise. Anthu amakamba maningi."

Ankamwetulila, anzanga, koma maso ake anali ouma. Ndinachita mantha.

Pa retreat tili ndi mwambo. Aliyense amamata zilembo zake zatsopano pa khoma popanda dzina, tonse n'kumazungulila ndi bolopeni yofiila. Pepala limene lasankhidwa, mwini wake amaimilila, ndipo font imatuluka m'dzina lake.

Ine sindinamate kanthu, si ananena kuti sinapse? Koma nditafika pa pepala lachinayi, ndinaima pomwepo. R ya atate inali pamenepo, ikukoka mwendo wake.

Onse anasankha lomwelo.

"Iyi ni ya ndani?" anafunsa a Yvonne, abwana athu.

Mpando wa Conrad unalila. Anaimilila.

"Ni yanga. Naipatsa dzina lakuti Copper."

M'manja munaombedwa. Akudutsa kumbuyo kwanga anawelama ngati akutola kanthu.

"Ukakamba, azakhulupilila ndani? Ine nili na five years muno. Iwe?"

Ma file ndinali nawo, inde, koma nayenso anali nawo. Ndipo ma chat aja anali atawafafaniza kale.

Tsiku lomaliza timayenda m'tauni kujambula zikwangwani zolembedwa pamanja. A Yvonne anati nditsogole, poti Nyimba ndi kufupi ndi kwathu.

Ndinawadutsitsa pa amai ogulitsa nthochi m'mbali mwa Great East Road, n'kukhota kuseli kwa msika. Conrad anali pambuyo panga penipeni, mpweya wake ndikuumva m'khosi.

"Utipeleka kuti?" ananong'ona.

Ndinaima pa kashopu ka telala. Penti inali itasuluka, koma mawu ankawelengeka: ROSA TAILORING.

A Yvonne anakweza kamela, kenako anaitsitsa pang'onopang'ono. Anatulutsa pepala la dzulo lija m'chikwama, n'kuliyandikiza pa khoma.

"Conrad, bwela kuno."

"Ah, inspiration chabe, madam. Ninaiona pa internet."

"Nanga R iyi ikokela chani mwendo?"

"Ni style."

Apo mpamene magazi anawila. Ndinakweza dzanja langa lamanja, n'kupinda zala ziwili.

"Si style. Atate analibe zala izi. Bulashi inali kuwapulumuka."

Amai Rosa, eni shopu, anali atatuluka ndi tepi m'khosi. Anandiyang'anitsitsa.

"Iwe, sindiwe mwana wa a Lazaro? Unali kuwagwilila chitini cha penti pamene apa, na mamina mbwee!"

Palibe anaseka. Conrad anakwela basi ya masana omwewo, osatsazika munthu.

Font inatuluka mu Malichi. Dzina lake ndi Lazaro, ndipo amai analila ataliona pa foni.

Koma pali chimene sindinauzepo munthu, anzanga. Ndinayesa kufafaniza spacing ya Conrad kuti ndikonze yanga. Ndinayesa katatu, yanga sinafike pa yake. Ndinabwezela yake.

Ndiye lelo ndikalemba dzina la atate, zilembo ndi zawo, koma mipata yonse ya pakati pake ndi ya munthu amene anafuna kuwafafaniza. Ndipo chimandipweteka n'chakuti zimakhalana bwino.