Mkono wa ababa unafika ku Maka

Mboni zanga ndi zitatu. Yoyamba ndi wakabaza amene ankatinyamula, koma anapita ku Joni. Yachiwiri ndi anesi a ku boma, kungoti iwo amakumbukira mikono, nkhope ayi. Yachitatu ndi ababa eni ake, ndipo kumene aliko sitingawafunse. Ndiye mungondikhulupirira. Wallahi, sindiwonjezera kanthu.

Ababa ankafuna chinthu chimodzi asanamwalire: kupita ku Haji. Ndalama ya ulendo inalipo ndithu, koma inali m'thumba mwa alamu anga, amene anatenga injini ya boti langa pangongole n'kudutsa nayo malire pa Chiponde. Anati adzalipira usipa ukayamba kuphedwa.

Ife tinayamba ndi zomwe tikanatha. Ku Maka salola munthu wopanda katemera wa matenda oumitsa khosi, choncho tinapita kukabayitsa.

"Madala, ulendo ndi wa liti?" anafunsa anesi.

"Bayani kaye, mama. Ulendo ukamva fungo la mankhwala ubwera wokha."

Mkono unatupa moti pobwerera wakabaza anaulipiritsa paokha. Ababa anakondwa. Anati kale munthu akatemera mphini za ulendo, mwezi sunkatha ali pakhomo.

Usipa unaphedwa, unauma, unadyedwa. Ndikaimba foni, yankho linali lomwelo: "Mawa, alamu, mawa." Mwana wanga wamng'ono anakula akuyesa kuti limenelo ndi dzina lawo.

Katemera naye amatha mphamvu, sadikira wangongole. Tinabwerera kuchipatala.

"Madala, simunapitebe?"

"Mkonowu unafika kalekale, mama. Ukudikira ineyo."

Ulendo wachitatu anesi sanafunse. Singano inalowa yokha pabowo lakale, ndinaona ndi maso angawa. Pamenepo ababa anali otetezeka ku matenda a dziko lonse la Aluya, koma kutali kumene anafikako kunali ku Namwera. Anyamata a pagombe anayamba kuwakuwiza kuti "Alhaji! Ndege yanyamuka!" Iwo anayamba kudzera njira ya kuseri popita ku mzikiti, kenako anayamba kuswalira m'nyumba.

Mvula itagwa, kolera inalowa m'mudzi. Iyo sinafunse khadi la katemera. Ababa tinawagoneka mutenti, pabedi lija la bowo pakati. Anandikoka malaya.

"Mwanangu, uwauze anthuwa kuti ine ndinabayitsa. Katatu."

Ndinawauza. Anati umenewo ndi wa matenda ena.

Atamwalira, achipatala sanatilole ngakhale kuwasambitsa. Tinawaika atakulungidwa m'pulasitiki, ife titaima chapatali ngati maliro a eni.

Tsiku la sadaka, mpunga uli pamoto, foni inalira m'thumba. Ndalama inali italowa yonse, ndi yotapira yomwe. Alamu anaimba kuti amve ngati yafika.

"Mwaiona, alamu? Ine si munthu wabodza. Muwauze ababa ayende bwino, akatipempherereko."