Tsiku limene kabati inakwera phiri

Alamu anga, amuna a achemwali, tauni yonse ino imawadziwa ndi dzina lakuti a Odiuko. Dzina limene anawapatsa makolo awo lilipo, koma ndikukayika ngati iwo eni akulikumbukira. Anatchedwa a Odiuko chifukwa moyo wawo wonse akhala akukankha ngolo yosamutsira katundu, ndipo ngoloyo ilibe belu, ilibenso mabuleki. Ikayamba kutsetsereka, chotsala ndi pakamwa basi: “Odi uko! Odi uko!” Amene sanamve amakamvera kuchipatala.

Ngati munasamukira kuno ndi bedi, mipando kapena makina osokera, dziwani kuti katundu wanu anakwerapo ngolo imeneyi. Ndi yamatabwa, ya matayala awiri a galimoto yakufa, ndipo zogwirira zake zinasalala ngati dazi langali. Alamu amalidziwa banja lililonse kuyambira kunsi kwa bedi. Amadziwa amene amabisa mabotolo kuseri kwa sutikesi, amadziwa amene anafika ndi mkazi uyu n’kusamuka ndi wina. Koma ukawafunsa amangoti, “Ine ndimanyamula katundu, nkhani ndimazisiya pomwepo.”

Ife tikukula kuno kunalibe tauni. Kunali mchenga, nyanja yamchere, mtsinje wothira m’nyanjamo, ndi nyumba zoti ungaziwerenge uli chiimire. Bambo athu anali m’gulu la asodzi oyamba kukocheza boti pano, ndipo anamanga pafupi ndi madzi penipeni kuti asamayende mtunda atasenza ukonde. Kenaka kunabwera mlatho. Mlatho unaitana msewu wa tara, msewu unaitana fakitale ya ayisi, ayisi anaitana malole ogula nsomba, malole nawo anatitutira anthu amitundumitundu, ena oti nyanja anali asanaione chibadwire, moti ankayamba ailawa kuti atsimikize ngati ilidi yamchere. Kumchenga kutadzaza, anthu anakwirira dambo n’kumangapo, ndipo mpaka lero mvula ikagwa achule amabwera kudzafunsa malo awo. Dambo litadzaza anayamba kukwera phiri lija tinkatcheramo mbalame tikathawa kusukulu. Tsopano paphiripo pali malata owala, mawaya amagetsi, ndi agalu onenepa amene amauwa ali chigonere.

Onsewa anawakweza ndi alamu. Poyamba anayesa usodzi m’boti la bambo, ali mnyamata wowonda ngati bango, koma akangokwera ankasanza mpaka anzawo kumawathokoza kuti akuitanira nsomba. Bambo anawathamangitsa. Iwo pochoka anatenga mwana wamkazi wa mwini boti. Ndiye katundu woyamba amene anasamutsa, ndipo amati mpaka pano sanakumanepo ndi wovuta kuposa ameneyo.

Ntchito yawo ili ndi lamulo limodzi. Asananyamule kanthu amayamba akaona khomo. Ali ndi ndodo yansungwi yotematema ndi mpeni, imene amayezera khomo la kumene katundu akuchoka ndi la kumene akupita. “Wosamutsa wopusa amayang’ana katundu,” amatero akakhuta tiyi, “wochenjera amayang’ana khomo.” Tinamva mawu amenewa mpaka makutu kuchita zipsera.

Chodabwitsa n’chakuti munthu wosamutsa tauni yonseyu iye mwini anali asanasamukepo. Iwo ndi achemwali anakhalabe m’nyumba ya bambo ija kumchenga. Koma nyanja nayo ikukula ngati tauni, ndipo ikukulira komwe kuli anthu. Inadya kaye malo amene tinkayanikapo maukonde. Inadya chimbudzi cha aneba, mwamwayi munalibe munthu. Kenaka inayamba kunyambita mpanda wa achemwali, ndipo nyengo ina ya mphepo madzi analowa mpaka kukhitchini, mapoto n’kumayandama ngati abakha. Aneba onse anachoka, pangolo ya alamu yomweyo. Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino kuchipatala chathu, anawamangira nyumba paphiri. Nyumba inatha, nyengo ya mphepo inayandikiranso, koma achemwali anakhala pampando n’kupinda manja.

“Ndichoka kabati yanga ikachoka.”

Kabati imeneyi muimve bwino. Boti la bambo litakalamba, malemu achimwene athu aakulu, amene anali kalipentala, analiphwasula n’kupanga kabati ndi matabwa ake. Anaikhomera m’chipinda chochezera momwemo, osaganiza kuti tsiku lina idzafuna kutuluka. Inatuluka m’manja mwawo yaitali, yamimba ngati mwini golosale. Misomali anagwiritsa ya m’boti momwemo, yopinda kunsonga, yoti ukaizula thabwa limang’ambika. Kunja kukatentha imanunkha phula ndi nsomba. M’kati mwake muli mbale zamaluwa zimene palibe anadyerapo, zikudikira mlendo woyenera amene sanafikebe. Pakhomo la nyumba yakaleyo sikanadutsa ngakhale mutaipaka mafuta.

“Amayi, ndikupezerani ina yagalasi,” anatero namwino.

“Yagalasiyo inayendapo panyanja?”

Ine ndinati ndithandize. “Achemwali, tingoicheka pakati ndi sowo, tikailumikize kumtunda.”

“Ndiyambe ndakucheka iweyo, tione ngati ulumikizike.”

Tinaseka, koma alamu sanaseke. M’mawa uliwonse ankatuluka kukaona pamene mafunde afika, n’kubwerako nkhope itagwa. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pangolo yawo, akuyang’ana mitambo ya kunyanja.

“Alamu,” anandiuza, “mlongo wanuyu madzi adzamutenga ali pampando. Ndipo ine kusambira sindidziwa.”

“Ndiye mutani?”

“Ndigumula khoma. Nyanja ikulifuna kale, ndingoithandiza. Kabati itulukire pamenepo.”

“Nanga kumtunda ikalowa?”

Anandiyang’ana ngati ndawatukwana. Anakweza ndodo yawo ija. “Khomo la kumtunda ndinaliyeza kalekale, nyumba ikumangidwa. Ikalowa, mpata wa chala n’kutsala.”

Tsiku losamuka linali Loweruka m’mawa. Panabwera asodzi amene sanalowe m’madzi chifukwa cha mphepo, onyamula ayisi, ndi ena amene ntchito yawo ndi kuonerera ntchito za anzawo. Achemwali anatulutsa mbale zawo imodziimodzi, kuzikulunga m’nsalu, kuziika m’beseni, n’kundisenzetsa ine.

“Ikasweka imodzi, ukafune mlongo wina.”

Khoma silinavute. Mchere unali utalidya kale, moti alamu atangolimenya kangapo linagwa ngati limadikira chilolezo. Kabati inatuluka chogona, amuna akubuula, n’kuigoneka pangolo. Matayala anaphwa pang’ono n’kuyamba kudandaula. Achemwali anatseka chitseko cha nyumba yawo ndi loko, pambali pake pali chibowo choti ng’ombe n’kudutsa, kiyi n’kumangirira pansonga ya nsalu. Palibe anayerekeza kuseka poyera.

Kumchenga matayala ankatitimira, ndiye tinkayala matabwa kutsogolo, ngolo ikadutsa n’kuwathamangitsiranso kutsogolo. Titafika kudambo, msewu wake uja wodutsa pakati pa msika, amayi ogulitsa tomato anaimirira.

“A Odiuko, bokosi lonselo ndi la munthu mmodzi?”

“Watisiya ndani, kodi? Bwanji osalengeza?”

“Sunthani mabeseni anuwo,” anayankha alamu, “mwini wake ali moyo, ndi uyo akubwera kumbuyoyo, ndipo sanadye.”

Achemwali ankayendadi kumbuyo, ambulera ili m’manja, maso ali pakabati ngati wapolisi woperekeza mkaidi.

Phiri ndiye linatiphunzitsa ulemu. Asodzi anamanga zingwe zawo kutsogolo kwa ngolo n’kumakoka akuimba ngati akukoka ukonde, ena akukankha kumbuyo, wina akuthamanga ndi mwala woika kutayala tikaima. Alamu ankakuwabe “Odi uko!” mwachizolowezi, koma panalibe woti apatuke. Nkhuku ina inatipitirira ndi anapiye ake, n’kutiyang’ana.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Nyumba inali yokongola, makoma oyera, chitseko chopaka penti wobiriwira amene ankanunkhabe. Namwino anaima pakhonde, akuchenjeza aliyense. “Chonde, manja anuwo asakhudze khoma. Amalume, inuyo makamaka.” Mmisiri amene anamanga nyumbayo analiponso, akumalizitsa masitepe.

Tinaitsitsa kabati, kuipendeketsa, kuilozetsa pakhomo. Alamu anawerenga, tonse tinakankha. Inangoti gu! Tinabwerera, kuitembenuza, kukankhanso. Gu! Tinayesa miyendo kutsogolo, tinayesa mutu kutsogolo. Mimba ija inakana.

Alamu anatenga ndodo yawo, kuyeza khomo, kuyeza kabati, kuyezanso khomo. Kenaka anaiyang’ana ndodoyo ngati mnzawo amene wawaneneza kubwalo.

Mmisiri anakanda m’mutu. “Madala, paja munabwera kudzayeza tisanaike felemu ya chitseko. Pulasitalanso tinali tisanapake. Munayeza njerwa zokhazokha.”

Kenaka msodzi wina anaphulika, ndipo onse anagwa nacho chiseko, ena mpaka kukhala pansi. Ine ndinadikira mwayi umenewu zaka zambiri.

“Alamu, tandikumbutsani. Wopusa amayang’ana chiyani paja?”

Pamenepo n’kuti achemwali atapinda kale ambulera yawo. Anamanga duku bwinobwino, kupita pangolo, n’kukhalapo.

“Chabwino. Ikwezeni. Tibwerere kwathu.”

“Amayi, kwanu kulibe khoma!” anatero namwino.

“Ndikatchinga ndi nsalu. Mphepo ndinabadwira momwemo. Kabati ya bambo anga sigona pakhonde ngati galu, ndipo ine sindigona m’nyumba imene yaikana.”

Chiseko chinatha. Achemwali ndimawadziwa kuyambira ndili kumsana kwawo: akanena kuti abwerera, ndiye kuti abwerera, ngakhale wapansi. Kuchokera paphiripo nyanja inkaoneka yonse, yakuda, mafunde akuchita thovu, ndipo kanyumba kathu kaja kanali pamphepete penipeni, chibowo chili yasa. Alamu anavula chipewa n’kuima patsogolo pa mkazi wawo.

“Mayi, ndalakwitsa ndine, ndipo anthu awa andiseka mpaka ndidzafe, palibe kanthu. Koma kumusi kuja sindikukankhiraniko. Mukafuna mundimenye ndi ambulerayo.”

“Ndikankha ndekha.”

“Ilibe mabuleki.”

“Inenso ndilibe.”

Anthu anayamba kupereka nzeru, poti nzeru za pantchito ya mnzako sizisowa. Wina anati pawindo, koma mawindo anali ndi zitsulo. Wina anati tichotse malata tiitsitsire pamwamba ndi zingwe, mmisiri n’kunena kuti aliyense wokhudza denga lake ayambe walemba wilo. Wina anatchulanso sowo, achemwali n’kungomuyang’ana, iye n’kukumbukira kuti ali ndi zochita kunyumba.

Namwino anatsika pakhonde paja. Anayang’ana amayi ake, anayang’ana nyanja, anayang’ana chitseko chake chobiriwira chimene anasankha yekha penti wake. Kenaka anapita pachikwama cha mmisiri, kutengamo hamala ndi tchizulo, n’kuika tchizulo m’mbali mwa felemu. Anamenya koyamba, pulasitala n’kugwera pansapato zake zoyera.

“Iwe mwana, nyumba yatsopano!” anakuwa achemwali.

“Kuchipatala ndimatopa kale ndi anthu osamva, amayi. Sindikufuna kudzalandiranso inu mutamwa nyanja.” Anamenyanso. “Ababa, mungoima? Gwirani uku.”

Alamu anavala chipewa mofulumira. Mmisiri anadandaula pang’ono za ntchito yake, kenaka analanda hamala n’kunena kuti ngati khomo lake likufa, life m’manja mwa mwini wake. Posakhalitsa felemu inatuluka ndi chitseko chake chomwe, n’kuitsamiritsa pamtengo. Khomo linatsala la njerwa zokhazokha, lija analiyeza alamu. Tinakankha. Kabati inalowa ikukhula uku ndi uku, fumbi lili kobo, ndipo chala cha msodzi wina chinatsimikiza kuti mpata wa chala unalipodi, koma wosakwana chala chake.

Tinaiimika pakhoma loyang’anana ndi khomo. Amuna anagwera pansi, malaya ali chonyowa, wina akuyamwa chala. Onse maso anali panja, pangolo.

Achemwali anakhalabe kanthawi, kuti tisaganize kuti tawagonjetsa. Kenaka anatsika, kukutumula nsalu yawo, kudumpha zibuma za pulasitala, n’kulowa. Anaizungulira kabati, kupukuta fumbi ndi nsonga ya duku, kusisita pamene yakhulika. Anatsegula chitseko chimodzi, kulowetsamo mutu, n’kununkhiza. Atatulutsa mutuwo maso anali ofiira, koma anati ndi fumbi. Anapita pawindo n’kuyang’ana kumusi nthawi yaitali ndithu.

Potembenuka analoza ndi ambulera.

“Si pamenepo. Dzuwa lamasana liziiwomba, matabwa angang’aluke. Khoma linalo. Ndipo mpando wanga ukabwera muuike apa, pawindo.”

Asodzi anabuula onse pamodzi. Wachala uja anayamba kufotokoza za msana wake. Koma alamu anali akumwetulira mpaka mano a kumapeto kuonekera, aja otsala. Analavulira m’manja, kutikita, n’kugwira kona ya kabati.

“Mwamva, anyamata? Eni nyumba alankhula. Dzukani.”