Dengu Loyamba la a Odessa Pinder

M'manja mwa alamu anga a Odessa Pinder mudadutsa nkhanu zambiri kuposa za munthu aliyense m'mudzi mwathu, koma adafika zaka 61 asanavuulepo ngakhale imodzi m'madzi. Zaka 38 adazithera patebulo lachitsulo m'fakitale ya kudoko, kampeni kali m'manja, kuchotsa mnofu m'zigoba za nkhanu zophikidwa kale zomwe amuna ankabwera nazo kuchokera mumtsinje wa Choptank. Ine ndinkakhala kudzanja lawo lamanja, ndipo ndikamadzaza chitini chachiwiri iwo amakhala ali pachachinayi, uku akuimba nyimbo za kwaya. Kuno ntchito idagawidwa kalekale, amuna kumadzi, akazi patebulo.

Kunyumba nako kunali chimodzimodzi. Paphwando lililonse la abale a Odessa ankakhala kumapeto kwa tebulo n'kumawaswera nkhanu ana, nkhalamba ndi alesi onse. Sindikumbuka tsiku lomwe ndidawaona akudya nkhanu ikadali yotentha.

Fakitale itatsekedwa, anzathu ena adayamba zoluka, ena zolera adzukulu. A Odessa adagula kaboti kakale kokhala ndi injini yotsokomola, adakadula chiphaso cha owedza nkhanu zodya pakhomo, n'kubwera kwathu Lamulungu lina titangoweruka kutchalitchi, chipewa chawo chachikulu chaudzu chili kumutu.

"Phwando la abale la Loweruka likubwerali, nkhanu zake ndikawedza ndine," adatero. "Dengu lodzadza, pachingwe changachanga."

Amuna anga a Wardell, omwe ndi mlongo wawo wamng'ono ndipo akalambira pamadzi, adaseka mpaka kutsamwa khofi.

"Achemwali, nkhanu zomwe mumazidziwa inu ndi zofiira, zakufa kale. Zam'madzi zimaluma. Vernice mkazi wanga, ukaguliretu nkhuku zambiri, abale makumi atatu asadzagone ndi njala."

"Seka, mlongo wanga, mano akadalipo," adayankha a Odessa. Kenaka adatembenukira kwa ine. "Alamu, mundiyendetsera boti ndinu."

Ndidavomera pompo. Nanenso kuseka kwa bambo ameneyu kudandipsetsa mtima.

Malamulo a m'kabuku ka owedza adawaloweza ngati katekisimu. Chingwe chisapitirire mafiti 1,200. Osachitchera pafupi ndi cha mnzako. Nkhanu yaikazi, ya zala zofiira kunsonga ngati yapaka utoto, ibwerere m'madzi ngakhale inenepe bwanji. Yaimuna uiyeze ndi kamuyezo, ikaperewera uitaye. Tsiku la Lachitatu ndi loletsedwa kwa ife owedzera kudya. Ndikangolakwitsa limodzi ankandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Ntchito yomanga nyambo ndiyo sindidzaiiwala. Tidakhala pakhonde masana onse, kumangirira makosi a nkhuku pachingwe, khosi limodzi mikono iwiri iliyonse, ntchentche za m'boma lonse zitaitanizana. Ine ndinkadandaula. Iwo zala zawo zinkangothamanga monga kale, ndipo ankaseka okha.

Lolemba dzuwa likutuluka tinali pamadzi. Tidaponya nangula ndi chigubu choyandama kumapeto kuno, n'kuyala chingwe pansi pamtsinje mpaka kumapeto enawo, nangula wina, chigubu china. Tidabwerera koyambira, a Odessa adakoloweka chingwe pakachitsulo kotulukira m'mbali mwa boti, ine n'kuyamba kuyendetsa pang'onopang'ono. Chingwe chinkakwera kuchokera pansi, n'kudutsa pakachitsulo, n'kumiranso kumbuyo kwathu. Nkhanu ikagwira nyambo imakakamira, imakwera nayo mpaka pamwamba, ndipo wowedza amaiwola ndi kaukonde kawaya ka mpini wautali isanazindikire.

"Iyo, alamu, iyo ikubwera," adanong'ona a Odessa, atawerama, chipewa chili pamwamba pa madzi.

Ndidaiona, yaikulu, yobiriwira, itakumbatira khosi la nkhuku. Itatsala pang'ono kufika, idangosiya nyambo n'kumira. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yachikhumi. Tsiku lonse tidagwira zisanu ndi imodzi, ziwiri zazikazi. Lachiwiri tidagwira zisanu ndi zinayi, a Odessa atathyoka msana ndi kuwerama.

A Wardell adatichingamira padoko, adasuzumira m'dengu n'kufunsa ngati tikufuna kuziweta kaye zikule.

"Afunseni chomwe tikulakwitsa," ndidawauza alamu anga tili awiri. "Safunsa adadya phula."

"Ndilidya phulalo. Ameneyu ndidamubereka kumsana ine, sindingamugwadire chifukwa cha nkhanu."

Lachitatu, tsiku loletsedwa lija, a Odessa adalithera padoko atakwiya, kuyang'ana madzi omwe saloledwa kuwagwira. Ine ndinali kukhitchini pomwe ndidamva chitseko cha kumpanda chikumenyeka. Adalowa akuthamanga, mayi wa zaka 61, chipewa chili m'manja, akupuma wefuwefu.

"Alamu, ndi chipewachi! Ndi ineyo!"

Adafotokoza kuti adaona nkhanu itakakamira pamzati wa doko. Adaiyang'anitsitsa nthawi yaitali ili phee. Atangowerama kuti aione bwino, chithunzithunzi cha chipewa chidagwera pamadzi, nkhanu n'kumira nthawi yomweyo. Masiku awiri onse aja tinkayenda dzuwa lili kumsana kwawo, ndipo chithunzithunzi cha boti, cha iwo ndi cha chipewacho chinkagwera pachingwe penipeni pomwe nkhanu zimatulukira. Tinkaziopseza tokha.

Tidavina m'khitchini ngati ana, mpaka a Wardell adafuula ali pabalaza kufunsa ngati wina wapambana mpikisano.

Lachinayi tidayesa. Tidatchera chingwe mwakuti mbali ya kachitsulo iyang'ane kudzuwa, chipewa chidatsala kunyumba, a Odessa adamanga duku n'kuima chilili osawerama. Nkhanu zidabwera. Tidazibweza zonse m'madzi, poti nkhanu siisungidwa masiku awiri m'kutentha kwa Ogasiti, ndipo yakufa isanaphikidwe siidyedwa. Lachisanu kudagwa chimvula cha mphepo. Chomwe chidatsala ndi m'mawa wa Loweruka lenilenilo, alendo akufika masana.

M'mawa umenewo madzi anali bata. Ulendo woyamba pachingwe, kaukonde kankangoti m'madzi, m'dengu, m'madzi, m'dengu. A Odessa sankaphonya. Manja omwe adaphunzira liwiro patebulo lachitsulo aja adapeza ntchito yawo, ndipo ankazilankhula nkhanuzo ngati ana a Sande sukulu.

"Bwerani, bambo, musachite manyazi. Inu mayi pitani kwanu, mukabereke. Iwe kamnyamata, ukadye kaye, tidzaonana chaka chamawa."

Nkhanu ina idalumpha m'dengu n'kundipana chala chakuphazi. Ndidakuwa, boti lidakhota, iwo osandiyang'ana n'komwe.

"Wongolani boti, alamu, chala chimera china."

Dzuwa litakwera nkhanu zidayamba kuchepa, monga zichitira kukatentha. Dengu lidatsala chikhatho chimodzi kuti lidzadze, ndipo zomwe zinkabwera zinali zazikazi zokhazokha, zonenepa, zolemera. Mtima unkandipweteka nthawi iliyonse akaponya ina m'madzi.

"Tiike zisanu pansi pa zinzake," ndidatero. "Atione ndani kuno?"

"Wardell adzazitembenuza imodziimodzi pamaso pa abale. Ndipo ngakhale asatero, ndidzadziwa ineyo. Tiyeni tibwerezenso."

Tidabwereza kanayi, thukuta lili kamukamu. Ulendo wachinayi, madzi a m'nyanja atayamba kudzadza mumtsinje, zazimuna zidabwerera ngati zachita kuitanidwa, zisanu ndi zitatu motsatizana. A Odessa adayeza iliyonse, adakanikiza chivindikiro padengu, n'kukhalapo. Adayamba kuseka, kenaka ndidaona misozi ikutsika. Nanenso ndidalira, kubisa kulibe phindu.

Pofika masana matebulo anali atayalidwa manyuzipepala pansi pa mitengo kuseri kwa nyumba yathu. Nkhanu zidaphikidwa ndi nthunzi mumphika waukulu, ndi viniga ndi tsabola wake, n'kukhuthulidwa pakati pa tebulo zili zofiira, pambali chimanga chowiritsa. A Wardell adatenga imodzi, adaitembenuza, adatenganso ina, mpaka khumi. Zonse zazimuna, zonse zokwana muyezo.

"Mudachita bwanji ndi chithunzithunzi?" adafunsa motsitsa mawu.

"Kani umadziwa?"

"Ndidaona chipewa Lolemba lomwe lija. Ndimadikira kuti mundifunse."

"Ukadadikira mpaka kumanda," adatero a Odessa, abale onse n'kufa nacho chiseko.

Tinyundo tamatabwa toswera nkhanu tidayamba kulira patebulo. A Odessa adapita kumapeto kwa tebulo, pamalo pawo pa masiku onse, adatulutsa kampeni kawo, ndipo asanakhale bwino n'komwe mbale zinali zitayamba kale kuwandandira, za ana, za azakhali opanda mano, za alesi aja. Adaswa yoyamba, mnofu woyera n'kuuika m'mbale ya mwana.

A Wardell adanyamuka. Adakankhira mbale zonsezo pakati pa tebulo, adalanda kampeni m'manja mwa mlongo wawo, n'kukhala pambali pawo.

"Wowedza saswera anthu, achemwali. Ndi lamulo, lakumadzi."

"Mulibe limenelo m'kabuku."

"Silidalembedwe. Khalani phee."

Adasankha nkhanu yaikulu kuposa zonse nayamba kuiswa ndi zala zawo zonenepa zija, mochedwa, mnofu ukunyenyeka, tizigoba tikugwera momwemo. Kufakitale akadawachotsa ntchito tsiku lomwelo. A Odessa adapinda manja pamiyendo, zala zikuyabwa, akuyang'ana ntchito yoipayo. Mbale itafika patsogolo pawo adatola mnofu, adauuzira pang'ono, n'kuuika m'kamwa. Adatafuna nthawi yaitali, tonse tikuwayang'ana.

"Kani imakoma chonchi ikakhala yotentha," adatero. "Swa ina, Wardell."