Mfundo za Agogo pa Ulusi

Fungo la dothi la m'munda wa mbatatesi likandipeza, ngakhale pamsika wa Lizulu, ndimaona agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, atakhala pachulu kwathu ku Tsangano, wailesi ili pambali, fodya wopichira akufuka pakamwa, m'manja muli ulusi wosokera matumba. Anali munthu wamakani. Ng'ombe ikalowa m'munda chifukwa iwo aiwala kutseka khola, wolakwa ankakhala ng'ombeyo. Mawu oti "ndalakwitsa" anali asanatulukepo m'kamwa mwawo.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi anapeza ntchito ya unamwino ku Mangalande. Agogo ndege ankaidziwa, poti anakwerapo popita ku migodi ya ku Joni, ndipo sankaikhulupirira. Anandilanda buku la mapu la kusukulu, nayeza ndi ulusi kuchokera ku Chileka mpaka kumene ndege yawo inkatera. Kenako anayeza kuchokera ku Nairobi, kumene mayi ankati akasinthe ndege, mpaka ku London, ulusi n'kudutsa chipululu ndi nyanja.

"Yathu inkatera apa pokha ili ndi ludzu," anatero. "Nanga iyi mafuta ikamwera kuti?"

Mayi anaimba foni m'mawa ali ku Nairobi kuti akukwera, ulendo wa maola asanu ndi anayi, ndipo akangotera aimba. Agogo anamanga mfundo zisanu ndi zinayi pa ulusi uja, tinakakhala pachulu, poti ndi pokhapo foni inkagwira. Wailesi ikatchula nthawi, ankamasula mfundo imodzi. Anthu ankakumba mbatatesi kumunsi, ngolo zikulira mumsewu, koma ife sitinagwire khasu, ndipo chakudya chimene azakhali anabweretsa chinazizira m'mbale.

Dzuwa litapendeka, mfundo yomaliza inamasulidwa. Foni inali chete. Ndinaiyang'ana mpaka maso anawawa, ndipo ndinachita mantha amene sindinachitepo.

"Agogo, mafuta atha?"

Fodya wawo anali atazima, iwo osadziwa. Anatsegulanso buku lija, nayala ulusi pamapu ngati akuyeza mwatsopano.

"Iwe mkazi wanga, usalire," anatero, monga ankanditchulira pocheza. "Ndalakwitsa ndine. Nyanja iyi sindinaiwerengere."

Anamanga mfundo ina. Ola litatha, sanaimasule, anangomanga inanso pambali pake. "Ndalakwitsanso. Ukalamba uwu." Ine ndinawakhulupirira, chifukwa munthu ngati uyo sakanavomera kulakwa pachabe. Ndinapukuta misozi n'kuyamba kuwaseka kuti sadziwa masamu, iwo akungogwedeza mutu, maso ali kumwamba.

Foni inalira ng'ombe zikulowa m'khola. Anali mayi. Ndege inatera pa nthawi yake, koma anachedwa pamzere woonetsa mapasipoti, ndiponso anavutika kupeza poimbira. Agogo anandipatsa foni, natsika pachulu, nakaima kuseri kwa khola nthawi yaitali.

Mawa lake makani anabwerera. Ankauza aliyense kuti iwo anayeza bwino, ochedwa anali azungu.

Ulusi uja ndili nawo mpaka lero m'Baibulo la mayi, mfundo ziwiri zija zikadali zomanga. Agogo anamwalira asanavomerenso kulakwa kwina kulikonse. Kawiri konse pamene ananena kuti alakwitsa, anali asanalakwitse, ankangofuna kuti ine ndisalire.